Mwera Womwe Ndinkasandutsa Siliva Kukhala Dzimbiri

Mahedifoni aja ndimawakumbukira bwino kuposa nkhope ya mwini wake. Anali akuda, khutu limodzi lothyoka, lomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo ankanunkha thukuta la mayiko atatu. Amalume akawavala ankasanduka dokotala woyeza chifuwa cha dziko. Ukawalankhula sankayankha. Ukakhosomola ankakuyang'ana ngati wapha munthu.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndili Standade 5, koma pakamwa panali patafika kale Fomu 4. Pano Fomu 4 yeniyeniyo ndinamaliza, ndangokhala pakhomo kudikira zomwe sindikuzidziwa, ndiye nthawi yofotokoza ndili nayo yambiri. Wofulumira azipita.

Amalume anabwera kuchokera ku Joni mwera utangoyamba. Kwathu ku Senga Bay munthu akachokera ku Joni timayamba taona katundu, za moyo timafunsa pambuyo. Ena amatsitsa mafiriji, ena masipika otalika kuposa ine. Amalume anatsika pa kabaza ndi chikwama chimodzi, chipsera chatsopano pamwamba pa diso, ndi chinthu chachitali chokulunga m'bulangete. Amayi anawayang'ana, anayang'ana chikwamacho, n'kungopita kukawatenthetsera madzi osamba. Ine ndinafunsa ngati firiji ikubwera pambuyo. Ndinalandira diso la amayi lija lomwe limatha kuthyola mwendo wa mbuzi.

M'bulangetemo munali mashini ofufuzira zitsulo pansi: ndodo, kunsi kwake mbale yakuda, kumtunda kabokosi ka mabatire, ndi mahedifoni aja.

Tsono mumvetse za nyengoyo. Mwera ukamaomba nyanja imatuwa, mafunde amabangula tsiku lonse, mabwato amangogona pamchenga ngati ng'ona zokhuta. Mchenga umalowa m'mano, m'makutu, mpaka m'maganizo. Milomo imang'aluka. Amuna amene ntchito yawo ndi kukoka makoka amasowa chochita, ukonde amasoka ngakhale pomwe sipanang'ambike, bawo amasewera mpaka nkhomo kutha mano. Anthu oterewa ukawabweretsera mashini olira okha, wapeza mpingo.

Amalume anali ndi ndalama imodzi ya siliva yakalekale, ya mutu wa mzungu wandevu, yomwe ankaisunga m'bokosi la machesi. Ankazula chingwe cha mahedifoni kuti aliyense amve, n'kuponya ndalamayo pamchenga. Akadutsitsa mbale ija pamwamba, mashini ankaimba kamawu kakang'ono kokoma, tiii, ngati mtsikana wa kwaya amene akudziwa kuti chibwenzi chili m'tchalitchi. Akaponya msomali, bruu, ngati chule wachimfine. Nkhani inathera pomwepo. Aliyense kwathu anamvapo kuti kalekale azungu ena anakwirira mitsuko ya ndalama za siliva m'mphepete mwa nyanja muno. Palibe amene anauonapo mtsuko ngakhale umodzi, koma aliyense ali ndi msuweni amene mlamu wake anauona.

Dzenje loyamba linakumbidwa pafupi ndi mlambe wa kuseri kwa matandala oanikira usipa. Mashini anali ataimba tiii weniweni. Kunasonkhana anthu onse, ndi agalu omwe, ndipo ndikhulupirira kuti ngakhale nsomba zinasuzumira. Anakumba mpaka ndinaganiza kuti atulukira ku Mozambiki. Khasu linagunda chinthu. Anthu anasiya kupuma. Amalume anagwada, anapala dothi ndi zala pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda, n'kutulutsa chivindikiro cha poto chodyedwa ndi dzimbiri, chokhala ndi bowo pakati.

Ine ndinaseka. Sindinaseke pang'ono ayi, ndinaseka mpaka kugwa chagada.

Amalume anavula mahedifoni, anayang'ana chivindikirocho nthawi yaitali, kenako anati, “Ndalama zasanduka. Waseka ndani?”

Apo ndi pomwe anthu akwathu amandisangalatsa. Palibe amene anati mwina mashini alakwitsa. Onse anagwedeza mitu kuti inde, chuma chokwiriridwa chili ndi eni ake, ukachifikira molakwika chimasanduka chitsulo. Ndipo mitu yonseyo, itatha kugwedezeka, inatembenukira kwa ine.

Malamulo anabadwa tsiku lomwelo. Pokumba pasapezeke munthu wamkazi. Okumba asadye zamchere kuyambira m'mawa. Pasakhale kulankhula, pasakhale kuloza, ndipo koposa zonse pasakhale mwana wa achemwali uja. Koma ngakhale anandithamangitsa, ndalama zinkasandukabe. Zinasanduka khasu lakutha. Zinasanduka giya ya njinga. Zinasanduka mbale yamalata ya maluwa, zinasanduka pansi pa ndowa, tsiku lina zinasanduka chotsekera diramu. Nthawi zonse pankapezeka munthu wondiona ndikudutsa chapatali. Tsiku lina ndinali m'kalasi ndikulemba masamu, koma akuti ndinayetsemula molunjika mbali yomweyo. Kumjigo azimayi ankati, “Bisani ndolo, kwabwera uja,” n'kumaseka. Anzanga ankandipatsa zitsekerero za mabotolo kuti ndizibwezere zikhale ndalama.

Zonsezo ndikanapirira. Kunena zoona kutchuka ndinkakukonda. Koma kenako mashini anaimba pakhomo pathu, pansi pa mtengo wa mandimu wa amayi.

Mtengo umenewu musauone ngati mtengo wamba. Amayi anaubzala chaka chomwe abambo anachoka, ndipo unakhala zaka zambiri ukungokula minga, osabereka. Mayi wina wa ku Khombedza anawauza kuti mtengo wokanika umafuna chitsulo chadzimbiri kumizu. Ndinaona ndi maso angawa amayi akukumba m'mbali mwa tsinde, n'kukwiriramo khasu lakutha ndi chivindikiro cha diramu yomwe ankawambira nsomba. Kaya ndi chitsulocho kaya mtengowo unangochita manyazi, chaka chotsatira unabereka mpaka nthambi kugwada. Mandimu ake anali aakulu ngati mutu wa khanda, khungu lokhakhala, ukalikanda ndi chala fungo limakutsatira mpaka kusukulu. Amayi ankawapititsa kumaloji, ankawagulitsa kwa achimfine onse a nyengo ya mwera. Yunifolomu yanga inali mandimu. Makope anga anali mandimu. Sopo, mchere, mafuta odzola, zonse zinkathyoledwa mumtengo umenewo.

Amalume anayenda mouzungulira katatu, mahedifoni kumutu, maso otseka. Kenako anati apa ndiye pali mtsuko weniweni, mawu ake sanawamvepo chibwerere. Mtengo uyenera kuchoka ndi mizu yomwe, Loweruka.

Amayi anali pa mkeka akusankha usipa. Anati, motsitsa mawu, “Achimwene, pamenepo ndinakwirirapo khasu ndi chivindikiro.”

“Pansi pa khasu lanulo ndi pomwe pali zinthu, achemwali. Mudzagula munda wa mandimu.”

Ndinadikira kuti amayi aphulike. Amayi anga amene amakalipira khwangwala mpaka kubweza nsomba yomwe waba. Anangoti, “Chabwino, tiona Loweruka,” n'kupitiriza kusankha usipa. Ndinawafunsa kuseri chifukwa chomwe sakukanira. Anati amenewo ndi malume ako, mwini mbumba, ndipo utseke pakamwa. Kutseka pakamwa ndi phunziro lomwe ndinalephera kuyambira Standade 1.

Lamlungu ndinadwala m'mimba. Ndinabuula mwaluso moti amayi anatsala pang'ono kundiperekeza kuchipatala, ndinachita kuchepetsako. Onse atapita kutchalitchi ndinachira. Mashini anali pansi pa bedi. Bokosi la machesi linali m'thumba la jekete, chifukwa amalume sankapita nalo kutchalitchi, ankaopa kuponya silivayo m'mbale ya chopereka mosadziwa.

Ndinapita kuseri kwa bafa, komwe kuli mchenga wofewa. Ndinakwirira ndalama ija apa, msomali apo, chivindikiro cha poto chija, chomwe ndinachitola n'kuchisunga ngati chikho chomwe ndinapambana, ndinachikwirira uko. Mahedifoni anali aakulu, ankagwera m'mapewa. Msomali, bruu. Ndalama, tiii. Chivindikiro, tiii.

Ndinaima. Ndinabwerezanso. Tiii, wokoma kuposa wa ndalama. Chinthu chomwe ndachikwirira ndekha chili chitsulo, chopanda mzungu, chopanda mzimu, chopanda woseka. Ndinavina pamenepo ndekhandekha, nkhuku zikundiyang'ana.

Chinsinsi chachiwiri ndinachipeza chifukwa cha ulesi. Dzanja litatopa, ndinayamba kukoka mbale ija chobwerera m'mbuyo ndikuigwedezabe pang'onopang'ono, mpaka m'mphepete mwake mokha ndi momwe munatsala pamwamba pa chivindikiro. Mawu aja anasweka. Tii-brr, tii-brr, ngati mnyamata amene mawu akuyamba kukula. Ndinayesa pa ndalama. Iyo inaimba bwinobwino mpaka kuzimirira, osasweka. Ndinaizungulira mbali zonse, mawu amodzimodzi. Ndinathamangira pansi pa mandimu. Pakati, tiii. M'mphepete, brr. Nditaima mbali ina, brr weniweni. Khasu la amayi linkandipatsa moni.

Lolemba ndinawatsekereza aphunzitsi a sayansi pa nthawi yopuma. Anali bambo woonda, wa choko m'tsitsi, amene ankakonzera anthu mawailesi kunyumba kwake, ndipo ankandidziwa ngati mwana wofunsa mafunso pofuna kuchedwetsa mayeso. Ulendo uno anaona kuti ndikufunsa zenizeni. Anakhala pa chitsa n'kujambula pansi ndi kamtengo.

Sindikumbukira zonse, koma zomwe zinakhala m'mutu ndi izi. Mashini aja alibe maso. M'mbale muja muli waya wokulungakulunga, amene amaponya pansi mphamvu yonga ya maginito. Mphamvuyo ikapeza chitsulo chilichonse imadzutsamo timagetsi tozungulira, ndipo timagetsito timabweza yankho. Mashini amangomvetsera kuti yankholo labwera motani, mofulumira kapena mochedwerako, n'kuganizira kuti ndi chiyani. Mu siliva magetsi amayenda mosavuta, ndiye yankho lake lili ndi kabweredwe kakekake, mashini n'kuimba tiii. Msomali ndi woonda, magetsi alibe bwalo lozunguliramo, chomwe chimamveka kwambiri ndi khalidwe lake lokoka maginito, mashini n'kubuula. Koma chitsulo chikakhala chophwatalala, chotakata, kapena chozungulira ngati mphete, timagetsi tija timapeza bwalo lalikulu, timathamanga mozungulira ngati mu ndalama, ndipo phokoso lake limaphimba khalidwe la maginito lija. Mashini amamva yankho la ndalama. Dzimbiri lolowerera m'dothi, ndi mchenga wathu wakuda uja womwe umamatirira ku maginito, zimangoonjezera chisokonezo. M'mphepete mwa mbale mphamvu ija imachigunda chitsulocho chammbali, ndi pomwe chimadziulula.

“Sanama dala,” anatero aphunzitsi. “Amangoganizira, ngati iwe pa mayeso.”

Nditanyamuka anandiitananso. Anati, “Amalume ako ukawauzire kuseri, muli awiri.”

Ndinavomera ndi mutu. Mumtima ndinati kuseri kwa chiyani? Pomwe ankanditchula wosandutsa ndalama panali kuseri? Anandinyoza pagulu, ayankhidwa pagulu. Mpaka lero ndikaganiza za mfundo imeneyo sindiipezera cholakwika. Ili ndi mutu, ili ndi miyendo.

Loweruka m'mawa mphepo inali itachepako koma kunkazizirabe. Kunabwera amuna okwana kugwetsa boma, ena ndi makasu, mmodzi ndi nkhwangwa yonoledwa mpaka kuwala. Onse anali asanadye zamchere, nkhope zili gwaa. Azimayi anauzidwa kuti apite kumjigo. Amayi anatenga ndowa yopanda kanthu n'kukaima kuseri kwa mpanda. Ine ndinalowa pansi pa mtengo, n'kukumbatira tsinde. Amene sanakumbatirepo mtengo wa mandimu asandiuze za kuvutika. Minga inandilowa m'mapewa, m'khosi, ina ndikuganiza ikadali momwemo.

“Iwe mwana, choka apo,” anatero amalume.

Ndinati ndichoka, koma ayambe andiyankha funso limodzi. Ndinatulutsa chivindikiro cha poto chija m'malaya, n'kuchikweza m'mwamba. Ndinafunsa anthu onse ngati ichi chili siliva kapena chitsulo. Wa nkhwangwa uja anati ndi chitsulo, mwana iwe, unachisandutsa wekha. Ndinati chabwino, ndiye kuti chinasanduka kale, sichingasandukenso. Ndinatuluka pansi pa mtengo, ndinapala mchenga pakati pa bwalo, ndinachikwirira onse akuona, n'kupondapo.

“Amalume, tadutsitsanipo. Muzule chingwe timve tonse.”

Anati alibe nthawi yosewera ndi ana. Koma anthu amene akhala milungu yambiri osapita panyanja, komanso osadya mchere, sakana sewero laulere. “Tangodutsitsanipo, akulu, kamwanaka kachite manyazi.” Mdala wina anati, “Mukuopa poto?”

Amalume anazula chingwe. Anadutsitsa mbale ija.

Tiii.

Kenako mdala uja anati, “Ndiye tikatenge mapoto onse kunyumba tikwirire, tilemere.” Kuseka kunayambira pamenepo. Wa nkhwangwa anakhala pansi. Wina anatsamira mpanda mpaka kuugwetsa, amayi n'kuonekera ndi ndowa yawo. Wina ankawerenga ndi zala masiku omwe wadya ndiwo zopanda mchere chifukwa cha chotsekera diramu.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinalanda mashini m'manja mwa amalume, ndipo sanalimbe nawo, anangowasiya. Ndinaphunzitsa khamu lonse ngati ndine mwini fakitale. Ndinawaonetsa kukoka mbale chobwerera, ndinawamvetsa kusweka kwa mawu. Ndinapempha ndalama ya m'bokosi la machesi, amalume anaipereka osandiyang'ana, ndipo inaimba bwino mbali zonse. Kenako ndinapita pansi pa mandimu. Tii-brr. Tii-brr. Ndinabwereza zonse za aphunzitsi, za timagetsi ndi bwalo, zina ndikuonjezera zanga. Ndinamaliza ndi kunena kuti mashiniwa ku Joni ana amaseweretsa kunyanja pofuna zitsekerero. Zimenezo sindinazimve kwa aliyense, zinangobwera zokha, ndipo zinaseketsa anthu kuposa zonse.

Nkhwangwa inabwerera kwawo osalawa mtengo. Anthu anabalalika akuyeserera kulira kwa mashini, tii-brr, tii-brr, ndipo kwa mwezi wathunthu munthu akanama pa bawo anzake ankangoti brr.

Pabwalo tinatsala atatu. Amalume anatola mashini, anapukuta mchenga pa mbale ija ndi malaya awo, mosamala, ngati pali wina amene adzawafunse. Anati, “Mwana wanu ndi wanzeru, achemwali.” Analowa m'nyumba.

Anakhalamo masiku atatu. Munthu amene ankadzuka tambala asanaganize zolira, n'kumeta ndevu, n'kupukuta mabatire, tsopano ankangogona chopenya kukhoma. Amayi ankawatenthetserabe madzi osamba m'mawa uliwonse, madziwo n'kuzizira pabafa. Tsiku lachinayi mwera unaleka, nyanja inagona, ndipo amalume anakwera boti la ku Mbenji kukakhala wokoka makoka a eni ake, pachilumba pomwe munthu wamkazi saloledwa kupondapo, kuphatikizapo ine ndi pakamwa panga. Chikwama chinali chomwe chija. Sanabwerenso kudzakhala nafe. Nthawi zina amatumiza utaka wouma ndi moni wa anthu onse, osatchula dzina la munthu.

Ine ndinkadikira mphoto. Ndinali nditapulumutsa yunifolomu, makope, sopo ndi mchere wa banja lonse, ndili ndi mabala a minga ochitira umboni. Ndinkayembekezera nkhuku, kapena mwendo wake wokha. Amayi sanandimenye, sanandikalipire, koma sanandiyamikenso. Ankandipatsa chakudya ngati akupatsa mlendo wa mnzawo.

Nditatopa nazo ndinawapeza akuthyola mandimu, ndinati, “Amayi, mtengo wanu uwu uli chiimire chifukwa cha ine.”

Sanatembenuke. Anati, “Ukuganiza kuti malume ako sankadziwa kuti akukumba zivindikiro?”

Ndinati ngati ankadziwa ndiye ankakumbiranji.

“Unaonapo munthu wochokera ku Joni ndi chikwama chimodzi?” Anaponya ndimu m'dengu. “Mtengo ndikanabzala wina.”

Pano, pomwe nanenso ndimadzuka m'mawa n'kusesa bwalo losesedwa kale kuti anthu odutsa aone ngati ndili ndi chochita, mawu amenewo amandipeza nthawi zina. Koma musayembekezere kuti ndipepesa. Mashini ankalakwitsa, ine sindinkasandutsa kanthu, ndipo mtengo wina ukanatenga zaka zomwe ine ndikanapita kusukulu wopanda kope. Ndikanabwerera ndikanachitanso, mwina kungochotsako za ana a ku Joni zija.

Koma tsiku limenelo ndinangoima pansi pa mtengo, ndikukanda mabala a m'khosi, ndikuwayang'ana amayi kumsana. Ndinawerenga zonse bwinobwino ngati masamu. Mtengo ulipo. Dzina langa layera. Wabodza wagwidwa. Ndinabwereza kawiri, yankho linali lomwelo, ndapambana. Chomwe sindinkachimvetsa n'chakuti pakhomo pomwe tapambana, amayi ankathyoleranji mandimu akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumanamizira minga.